Tikufuna kukayenda m'mapiri nthawi ya maluwa, tipite liti komanso kuti?

Funso lachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa cha ku Mtunthama ku Kasungu: "Pa gulupu yathu ya WhatsApp ya aphunzitsi tilipo 18, amayi ndi abambo, wamkulu pa tonse ali ndi zaka 57. Mnzathu wina anaponyapo zithunzi za azungu akuyenda m'makwawa a m'mapiri kwawoko, maluwa ali mbwee mbali zonse, nde tonse tatengeka tikufuna nafenso tichite zomwezo, tsiku limodzi basi, kunyamuka m'mawa kubwerako madzulo. Ena akuti Nyika ena akuti Mulanje. Tipite mwezi uti, kuti, nanga tinyamule chani?"

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha funsoli, ndipo pepani ndiyamba ndi kukugwetsani ulesi: Nyika ndi Mulanje zichotsenitu pa pulani ya tsiku limodziyo. Ine ndakhala ndikuperekeza magulu m'nkhalango ndi m'mapiri kwa zaka zambiri ndithu, ndipo ulendo umawonongeka anthu asanavale n'komwe nsapato, umawonongekera pa foni pomwepo posankha malo. Kuchoka pa Kasungu kukafika Mzuzu ndi makilomita opitirira 200, kenako mupite Rumphi, kuchoka pa Rumphi kudutsa pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda, m'kati mwa Nyika, ndi enanso opitirira 100 ndipo mbali yaikulu ndi msewu wafumbi womwe nthawi ya maluwayo umakhala matope okhaokha. Mukafika dzuwa litapendeka, miyendo itachita dzanzi, mujambulitse kachithunzi kamodzi n'kuyambapo wobwerera. Mulanje ndiye musanene, pafupifupi makilomita 500 kupita kokha, mudutse Lilongwe mudutse Blantyre. Malo awiriwa amafuna masiku atatu kapena anayi, ndi ofunika kuwasonkhera ndalama pang'onopang'ono ngati banki mkhonde, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano za mwezi. Zithunzi zimene munaonazo ngati zili za ku America kapena ku Ulaya, mwina zinajambulidwa pakati pa Malichi ndi Julayi, chifukwa kumeneko chisanu chikatha zomera zonse zimadzukira pamodzi, n'chifukwa chake phiri lonse limaoneka ngati ayalapo chitenje. Ku South Africa kudera la Namaqualand zimenezi zimachitika mu Ogasiti ndi Seputembala chifukwa mvula yawo imagwa nthawi yozizira. Ife kuno kalendala yathu ndi ina, sitingakopere mwezi wa eni ake. Tchire lathu limavala kawiri pa chaka, ndipo kavalidwe kake n'kosiyana kwambiri.

Koyamba ndi nthawi ya mphukira, kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti, Seputembala yense mpaka kulowa Okutobala, mvula isanadonthe ngakhale dontho limodzi. Mitengo ya mombo, tsamba ndi mtondo imatulutsa masamba anthete ofiira psuu, ena ngati chiwindi, ena otuwira ngati mkuwa, pakatha masabata angapo ndi pomwe amasanduka obiriwira. Anthu ambiri timangodutsa pa minibasi osalabadira, koma mutaima pamwamba pa phiri n'kuyang'ana chigwa chonse chili choncho mudzavomereza kuti azungu aja sanatipose kwenikweni. Akatswiri a zomera amati utoto wofiirawo umathandiza kuteteza tsamba lanthete ku dzuwa la chilimwe. Nthawi yomweyo muwale umakhala wopanda tsamba ndi limodzi lomwe koma maluwa ofiira okhaokha kunsonga, mlombwa nawo umachita maluwa achikasu onunkhira. Ndiye yang'ananinso pansi pa lupsa, pomwe moto unadutsa: pamatuluka timaluwa tating'onoting'ono tachikasu, toyera, tofiirira, tongomera pa phulusa penipeni, chifukwa mizu yake ndi mitsitsi ikuluikulu yomwe imasunga madzi ndi chakudya pansi pa nthaka, moto ukangochotsa udzu woyanga tokha timapeza mpata. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala pamatulukanso duwa lina lofiira lozungulira ngati mpira wa tenesi, limatuluka lokha masamba asanabwere, ana amakonda kulithyola.

Kachiwiri ndi m'kati mwa dzinja, Januwale mpaka Malichi, ndipo apa ndi pomwe pali maluwa enieni amene anthu amakwerera ndege kudzaona. Ku Nyika kokha kuli mitundu ya ma orchid yopitirira 200. Musadabwe ndi dzinalo, chinthucho mumachidziwa bwinobwino: chinaka chimene amayi amagulitsa pa msika chodulidwa ngati keke chija, chimene anzathu a ku Zambia amati chikanda, chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta pansi pa ma orchid omera m'madambo ndi m'mapiri, amatisinja n'kuphika ndi nsinjiro ndi chidulo kapena soda. Nde mukadzaona duwa lokongola la pinki kapena loyera lili njo pakati pa udzu wonyowa, dziwani kuti pansi pake pali ndiwo kkkk. Vuto ndi loti wokumba amachotsa chomera chonse, ndipo malonda ake akula kwambiri moti m'malo ena momwe kale munkachita kuponda maluwa lero mumafufuza. Ku Tanzania anafika pokhazikitsa paki ya Kitulo mu 2005 makamaka pofuna kuteteza maluwa amenewa. Nthawi ya dzinja yomweyi mudzaonanso duwa lija loyanga, lofiira ndi chikasu lopindikira m'mwamba ngati malawi a moto, lomwe ndi duwa la fuko la Zimbabwe. Limenelo kuliona ndi maso basi, mbatata yake ndi poizoni woopsa, yapha anthu oyesa ngati chilazi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, aphunzitsi, ndipo ngati muiwale zina zonse ichi chokha mukawauze anzanuwo. Mwapempha zinthu ziwiri, makwawa ndi maluwa, koma kwathu kuno mwezi umene maluwa afika pachimake ndi mwezi womwewo umene khwawa limapha. Madzi amene akuphukitsa orchid ndi omwewo amene akusonkhana kumtunda kufuna njira yotsikira, ndipo njira yake ndi momwe inu mukufuna kuyendamo.

Makolo athu ankati kwadutsa Napolo. Zomba inaona zimenezi mu 1946, Phalombe mu Malichi 1991, ndipo za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 palibe amene ndingamuuze, tonse tinaona miyala yaikulu ngati nyumba itatsika m'mapiri a Soche ndi Mulanje. Koma zimenezo ndi zikuluzikulu zomveka pa wailesi. Chimene chimagwira magulu ngati lanuli ndi kaNapolo kakang'ono kosalembedwa mu nyuzi, ka mumtsinje woti masiku onse mumawoloka osavula nsapato.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine. Chaka china mu Febuluwale ndinali ndi gulu la anthu 11, tinatsikira m'khwawa lina kuti tikadyere nkhomaliro pa thanthwe pafupi ndi timathithi. Kumwamba kunali kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo, amayi atayala zitenje, ena ataviika mapazi m'madzi oyera oti umaona mchenga pansi. Mnyamata wa m'mudzi amene ankatilondolera njira sanakhale pansi, anangoima akuyang'ana madzi. Kenako anandikodola n'kuloza ndi mlomo. Madzi aja anali atayamba kuda pang'ono ngati wina wathiramo thobwa la mawere, pakubwera timasamba, tizitsotso, kenako chitsononkho cha chimanga chikuzungulirazungulira, chitsononkho m'kati mwa nkhalango momwe mulibe munda! Anangoti "akulu, tiyeni tikwere, yagwa kumtunda." Ine ndinachita kukalipa kuti anthu adzuke chifukwa ena ankati timalize kaye kudya. Tili pakati pa chitunda tinamva mkokomo ngati lole ikubwera patali, ndipo pasanathe mphindi khumi thanthwe lomwe tinakhalapo lija silinkaonekanso. Poto wa mpunga anapita, nsapato imodzi ya bambo wina inapita. Choipa china n'choti pothawa tinakwerera tsidya lolakwika, galimoto ili tsidya linalo, tinakhala maola atatu kudikira madzi aphwe, tinakafika pa galimoto kuli bii, bambo uja phazi limodzi atalikulunga ndi mpango wa mkazi wake. Pamene tinali ifepo mvula sinagwe ngakhale pang'ono tsiku limenelo.

Nde malangizo anga kwa gulu la anthu 18 loyamba kumene: pitani Loweruka lina pakati pa sabata yachiwiri ya Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Mitsinje imakhala yaphwa, miyala youma, msewu wabwino, mphukira zili pachimake. Muluzapo ma orchid ambiri, inde, komanso kumakhala utsi wa moto wa tchire moti zakutali sizioneka bwino, koma mudzalowa m'khwawa ndi mtima uli m'malo. Pewani 15 Okutobala, tsiku la anakubala, minibasi zonse zimakhala zathawira kunyanja ndipo eni ake amatchula mitengo ngati akugulitsa galimotoyo. Ngati anzanuwo akakamira zobiriwira ndi mathithi odzaza, sankhani kumapeto kwa Malichi kapena Epulo cha ku holide ya Isitala, mpweya umakhala woyera ndipo maluwa ena amakhala alipobe, koma pamenepo lamulo ndi loti muyende njira za kumtunda, khwawa muzilionera pamwamba, osatsikiramo. Komanso mu Epulo udzu umakhala wotalika kuposa munthu ndipo chitedze chimakhala chayamba kukhwima, amene anayabwidwapo sangafune kubwereza.

Malo ake ine ndikuti Ntchisi. Nkhalango ya pa phiri la Ntchisi ili pafupi nanu kuposa momwe mukuganizira, inu a ku Mtunthama muli kale pa msewu wa M18, muwoloke Bua, pa Malomo mukhote kulowera ku boma la Ntchisi, kuchoka apo ndi msewu wafumbi wokwera kukafika m'mphepete mwa nkhalango. Phirili ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700 ndipo pamwamba pake pali nkhalango yowirira yosayoyola masamba, imodzi mwa zochepa zomwe zatsala m'chigawo chapakati, mitengo italiitali, zilambe zolendewera, ma orchid ena omera pa nthambi za mitengo, anchima akudumpha m'mwamba, ndipo ngakhale kunja kukutentha bwanji m'katimo mumakhala mozizira ngati m'tchalitchi cha njerwa. M'munsi mwake muli miombo, nde tsiku limodzi lomwelo muona zonse ziwiri, mphukira zofiira pokwera ndi mthunzi wobiriwira pamwamba, ndi timakwawa ta mitsinje totsetserekera chakunyanja. Kukakhala koyera nyanja imaoneka. Pali loji yakale ya nthawi ya atsamunda m'mphepete mwa nkhalangoyo ndipo anthu odziwa njira amapezeka cha kumeneko.

Ena adzakuuzani za nkhalango ya Nkhotakota poti M18 yomweyo imadutsamo, ndipo zoona mtsinje wa Bua kumeneko ndi wokongola, miyala ndi zigwa zake zilipo, ndi momwe nsomba ya mpasa imakwera kukaswana. Koma mmenemo si moyenda mwachisawawa. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa mu 2015 ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsiramo njovu pafupifupi 500, nde kuyenda pansi ndi pokhapokha mwabukitsa ndipo muli ndi msilikali wa zanyama wamfuti. Chimodzimodzi paki yathu ya Kasungu kuno, cha ku Lifupa, munabwera njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'malire mwa pakiyo akudziwa bwino nkhani yake. Malo awiri onsewa mulinso akashembe oyambitsa kaodzera, ndipo amakopeka ndi zovala zakuda ndi za buluu, choncho yunifomu ya gulu mukasoketsa musasankhe mitundu imeneyo. Anzathu a ku Mchinji amene mukuwerenga, muli ndi mapiri anuanu m'nkhalango ya Mchinji komwe Bua amayambira, zonse ndikunenazi zikugwira ntchito kumenekonso.

Musanapite ku Ntchisiko, kwerani kaye phiri la Kasungu lomwe mumaliona tsiku ndi tsiku mukabwera pa boma. Loweruka m'mawa, nonse 18, ndi nsapato zomwe mukufuna kudzavala tsikulo. Si phiri lalitali koma ndi lokwanira kuulula chilungamo: mudzadziwa amene bondo limamuvuta, amene amabanika, amene nsapato ikumuluma, ndi amene amangolankhula zamphamvu pa gulupu koma tsiku likafika foni yake siyipezeka.

Mwatchula za wazaka 57 ngati kuti ndi amene mukumudera nkhawa. Ine ayi. Akuluakulu oterewa anakula akuyenda wapansi kupita kusukulu, kuchigayo, kudimba, amadziwa kuyenda mwachifatse ndipo akatopa amanena. Amene amandisowetsa mtendere ndi anyamata a zaka za m'ma 20, aphunzitsi a masewera aja, amathamangira kutsogolo kuti aoneke, pa mphambano atenga njira yawo, ndiye gulu lonse litaye maola awiri kuwafunafuna. Konzani chonchi: wodziwa njira patsogolo ndipo palibe womudutsa, woyenda pang'onopang'ono kuposa onse akhale wachiwiri kapena wachitatu osati kumapeto, ndipo kumbuyo kwenikweni muikeko munthu wamphamvu komanso woleza mtima, atenge wezulo ndi kabokosi ka mankhwala. Woyenda pang'onopang'ono mukamusiya kumbuyo zimachitika ndi izi, otsogola amapuma kumudikira, iye akangofika ali wefuwefu iwo amati tiyeni, nde amene akufunikira kupuma kwambiri ndi amene sapuma konse. Anthu 18 ndi ambiri pa kanjira ka m'nkhalango, ndi bwino muwagawe pawiri, magulu a anthu 9, lililonse ndi wolondolera wake, muzikumana pa malo opumira. Ndipo muziwerengana, inu aphunzitsi kuitana mayina ndi ntchito yanu kale, chitani zimenezo ponyamuka, pa mphambano iliyonse ndi pokwera galimoto. Amene ali ndi BP, shuga kapena mphumu auze mtsogoleri mwachinsinsi ndipo mankhwala ake akhale m'thumba mwake, osati atsale mu minibasi.

Nthawi. Pali kawerengedwe kena komwe William Naismith wa ku Scotland anapereka mu 1892, koti munthu wamphamvu amayenda makilomita 5 pa ola, ndipo pa mamita 600 alionse okwera uwonjezerepo ola lina. Kameneko ndi ka munthu mmodzi wozolowera. Gulu lanu, ndi zithunzi, ndi nthabwala, ndi "tadikirani ndimange chingwe cha nsapato", werengerani makilomita awiri kapena atatu pa ola basi. Ndiye njira ya makilomita 8 mpaka 10 yakwana, musachite dyera. Nyamukani kusanache, cha m'ma hafu pasiti folo, kuti pofika 8 koloko mukhale mwayamba kuyenda kusanatenthe. Kenako gwirizanani nthawi yobwerera musanayambe, mwachitsanzo 12 koloko, ndipo ikakwana mutembenuke kaya nsonga ya phiri ikuoneka pafupi bwanji. Pa nsonga timanamizana, imaoneka ngati ili apa koma ili ola lathunthu. Kumbukirani kuti miyezi imeneyi pofika 6 koloko kwada, ndipo m'khwawa ndi m'nkhalango yowirira mdima umafika msanga kuposa kunja. Ngozi zambiri zimachitika potsika, miyendo itatopa, anthu akuthamangira galimoto. Mukufuna 3 koloko ikupezeni muli pa minibasi kuti dalaivala atsike msewu wafumbi uja kukuwala.

Za minibasiyo, gwirizanani za tsiku lonse, mafuta ndi chakudya cha dalaivala zikhale m'katimo, ndipo auzidwiretu kuti kuli msewu wafumbi wokwera asakayambe kudandaula muli pakati panjira. Sienta zodzaza anthu zimakhula pansi. Ndalama sonkhanitsani sabata imodzi isanafike kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, amene sanapereke sakwera, chifukwa "ndikupatsani pa malipiro" ndi amene amadanitsa ma staff room.

Madzi munthu aliyense malita awiri osachepera, mu Okutobala atatu, m'mabotolo akeake. Madzi a m'mitsinje ya m'phiri amaoneka oyera koma kumtunda kumadutsa anyani ndi anthu, ngati mutunge thiranimo WaterGuard mudikire mphindi 30. Tengani mapaketi angapo a Thanzi ORS, munthu akayamba mutu, chizungulire ndi kukokana kwa minofu mumukhazike pamthunzi mumusungunulire. Chakudya chikhale chosavuta: mbatata yophika, chinangwa, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, zitumbuwa, thobwa amene amalikonda. Mapoto a mpunga ndi nkhuku asiyeni mu galimoto mudzadye pobwera, ndanena kale zomwe zinachitikira poto wathu. Mowa ndiye ayi mpaka mutatsika, ndipo abambo ena amabisa kachasu m'botolo la madzi, mtsogoleri anunkhize.

Nsapato musagule zatsopano za tsikulo. Pitani pa kaunjika mupeze masinika okhala ndi mano kunsi, muwavale masabata awiri kusukulu kuti azolowerane ndi phazi, ndi masokosi okhuthala. Patapata ndi zofewa zapulasitiki zija pa mwala wa ndere ndi sopo weniweni. Amayi valani buluku kapena thirakisuti, chitenje mumange pamwamba podutsa m'midzi kuti musapereke chithunzi cholakwika, mukalowa m'nkhalango muchivule, koma osachisiya chifukwa chitenje ndi mphasa, ndi mthunzi, ndi bandeji, ndipo ziwiri ndi mitengo iwiri zimapanga machira. Buluku mulowetse m'masokosi, m'nkhalango ya Ntchisi linthumbu ndi losasowa ndipo likakwera m'miyendo ulemu wonse wa uphunzitsi umathera pompo. Juzi yopepuka mutenge ngakhale kunyumba kukutentha, kumwamba kumazizira makamaka thukuta likauma. Tochi ziwiri zitatu pa gulu, foni mu jumbo, pawabanki, ndipo musadalire netiweki, m'khwawa imasowa. Musiyire munthu wina kunyumba uthenga wa komwe mwapita ndi nthawi yomwe mukuyembekezeka kubwera.

Njoka anthu amaziopa kuposa muyezo, zambiri zimathawa zikamva mgugu wa anthu 18. Yosathawa ndi mphiri, imangoti phee pa njira kudalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, nde wotsogola akhale ndi ndodo ndipo osapisa dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa musateme, musayamwe, musamange chingwe cholimba, zonsezo zimangoonjezera vuto. Mugonekeni, muvuleni mphete ndi wotchi, chiwalocho chisagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala msanga. Ine chomwe ndimaopa kwambiri nthawi ya maluwa ndi njuchi, zimamanga m'matanthwe ndi m'mphako ndipo mafuta onunkhira aja zimawatsata, tsiku limenelo pafyumu apume. Mukamva kulira kwake dutsani mwakachetechete, osaponya mwala. Kukachita mabingu muli pamwamba tsikani, osabisala pansi pa mtengo wautali uli wokha.

Chilolezo musaiwale. Nkhalango ya Ntchisi ndi ya boma, ili pansi pa dipatimenti ya zankhalango, nde imbani kapena pitani ku ofesi yawo pa boma muwadziwitse, mufunse za ndalama yolowera ndipo mulandire lisiti. Ngati njira yanu ikuyambira m'mudzi, kapereke moni kwa a nyakwawa, sizitenga mphindi khumi koma zikavuta ndi anthu awo amene adzabwere kudzakunyamulani. Wolondolera mutenge wa konko ndipo mumulipire bwino, mwamva nokha amene anatipulumutsa ife. Chinanso, inu ndi Achewa anzanga sindikuphunzitsani, kamsitu kowirira kali pakokha pafupi ndi mudzi ndi manda kapena dambwe, ndipo miyezi ya Seputembala ndi Okutobala gule amakhala ali m'bwalo. Pa gulu lanu pakhoza kukhala aphunzitsi ochokera kumpoto kapena kummwera osadziwa zimenezi, muwauziretu asakalowemo kuti akufuna mthunzi kapena kukadzithandiza, ndipo mukakumana ndi chilombo panjira patukani, mafoni m'thumba.

Moto musayatse, chilimwe kandudu kamodzi kamatentha phiri lonse. Mabotolo ndi majumbo abwerere nanu.

Maluwawo musathyole, ndipo makamaka musakumbe kuti mukadzale pakhomo. Ndikudziwa amayi ambiri dzanja limayabwa mukaona duwa lokongola, koma orchid wa kutchire sangakhale mu chitini cha pakhonde. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chakechake, kuti zimere zimadalira mtundu wina wa bowa wosaoneka ndi maso umene uli m'nthaka kapena pa khungwa la mtengo wa pamalo pomwepo, mukachotsa chomeracho mwachilekanitsa ndi mnzakeyo, chimangolimba miyezi ingapo n'kufota. Jambulani basi. Ndipo pojambula gwadani, foni ifike pa msinkhu wa duwalo, dzuwa likhale chakumbali, m'mawa kusanawale kwambiri, mudzaona kuti kaduwa ka pa lupsa kosakwana chikhadabo kamatuluka bwino kuposa gulu lonse litaima mzere manja m'chiuno. Mphukira zimajambulika bwino mukaima moyang'anana ndi dzuwa kuti kuwala kudutse m'masambamo.

Sabata imodzi ulendo usanachitike tumani anthu awiri apite kaye pa kabaza kuchokera pa boma la Ntchisi, akaone msewu, akaonane ndi wolondolera maso ndi maso, akafunse ngati mphukira zayamba chifukwa chaka china zimafulumira china zimachedwa, ndipo akaone pomwe minibasi ingathe kutembenukira. Ndalama ya anthu awiriwo ichoke m'thumba la gulu. Mwa awiriwo mmodzi akhale wa zaka 57 uja.